Zoona zake za chotupa chili pamphumi panga

Popeza nkhaniyi yafika kale kumsika ndi kwa anyamata a kabaza a pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo aliyense akuithira mchere wake, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. Si zoona kuti ndinakomoka ola lathunthu, ndiponso si zoona kuti nditatsitsimuka ndinafunsa ngati a Kamuzu akadali pampando. Chimene ndikuvomera n'chakuti ndinamenya ndi mutu mpira wa hockey, ndipo ndinaumenya mwadala.

Woyambitsa zonsezi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anabwera kuchokera ku Blantyre ndi mtolo wa ndodo zopindika kunsonga, akunena kuti anthu a ku Mangochi anatopa nawo mpira wa miyendo koma sanazindikire chabe. Ataphunzitsa anyamata masabata atatu, anakonza masewero achionetsero Loweruka masana, pambali pa bwalo limene matimu awiri a m'dera lathu ankalimbiranapo mbuzi, tsiku lomwenso Bullets ndi Wanderers ankakumana pa Kamuzu Stadium. Ndinamuchenjeza kuti kuno munthu amabadwa ali kale wa Maule kapena wa Manoma, ndipo kamalo kotsala mumtima amakapereka kwa Arsenal kapena Manchester United ku vidiyo sho, koma mwana wophunzira samvera amalume ake.

Nthawi itakwana, ku mpira wa miyendo kunali anthu osawerengeka, ena atakwera m'mitengo ya mango, ambiri atagunditsa mawailesi ndi mafoni kukhutu. Kwathu kunali ine, mayi wogulitsa zitumbuwa amene anatsata mthunzi, ndi mbuzi yolimbiranayo, imene anaimangirira pafupi ndi golo lathu. Popeza hockey nayonso imafuna osewera 11 mbali iliyonse, ndipo mmodzi anali atazembera ku chigulu chija, mphwanga anandigwira mkono nati, "Amalume, inu munali nambala 5 woopsa, ingoimani kumbuyoku." Anandiuza mwachangu kuti mpira sakhudza ndi phazi, kuti ndodo imamenya ndi mbali yosalala yokha, ndi kuti chigoli chimawerengedwa pokhapokha mpira waumenyera mkati mwa mzere wozungulira golo. Za mutu sanatchulepo kanthu, ndipo ndikupempha owerenga kuti asunge mfundo imeneyi.

Anawonjezera kuti kampirako kamalemera magalamu pafupifupi 160, pamene wa miyendo umapitirira 400, ndipo ine ndinamva kuti ndi kopepuka. Ndikanadekha pang'ono, ndikanadzifunsa chifukwa chimene goloboyi wathu anavalira chisoti ndi zotchinga miyendo ngati akukafula njuchi, pa dzuwa la ku Mangochi limene munthu amasilira nsomba m'madzi.

Pasanathe mphindi khumi, mpira unagunda ndodo ya mnyamata wina n'kunyamuka, ukubwera molunjika kwa ine, pa msinkhu umene nambala 5 aliyense amaulota usiku. Manja anga ankadziwa kuti agwira ndodo, koma khosi langa linali lidakali m'chaka cha 1998. Ndinataya ndodoyo pansi, ndinafuula kuti "Wanga!" monga tinkachitira kale, ndipo mawondo amene amandikana ngakhale pokwera minibasi anandikhululukira tsiku limenelo. Ndinalumpha, ndinapinda msana ngati uta, ndipo ndili m'malere chomwecho ndinapeza nthawi yokwanira yoona mphwanga ali kukamwa yasa, goloboyi atabisa nkhope ngakhale anali ndi chisoti, mayi wa zitumbuwa atanyamula manja kumutu, ndi mbuzi ija itasiya kubzikula. Mumtima ndinati onsewa agoma nalo luso langa, ndipo ndikukumbukira kuti ndinamwetulira. Kenako kunamveka kuti gho, ngati nkhwangwa yagwera pa mtengo wa tsanya, ndipo nyali zonse za asodzi a usipa a m'nyanja ya Malawi zinayaka pamodzi m'maso mwanga dzuwa likuswa mtengo.

Nditatsegula maso ndinapeza Mangochi yense atandizinga. Woimbira wa mpira wa miyendo anali ataimitsa masewero chifukwa goloboyi wa timu ina anasiya golo n'kuthamangira kudzaona, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona wa Maule ndi wa Manoma akuseka chinthu chimodzi atagwirana mapewa. Mkulu wina anandiweramira nafunsa mwaulemu, "Achimwene, kodi masewero amenewa ndi oponyerana miyala?" Mphwanga, m'malo mondipemerera, ankagawira anthu ndodo kuti aziyese.

Amene akundiseka adziwe kuti mpirawo unakagwera kuseri kwa mitengo ya mango, kutali ndi golo lathu, ndipo palibe nambala 5 wa mu ligi yaikulu amene akanauchotsa bwino kuposa pamenepo. Adziwenso kuti zimene mphwanga analephera m'masabata atatu ine ndinazichita ndi mphumi imodzi. Mayi a kunyumba okha ndiwo sanaone zimenezi, chifukwa atandiona ndikutsika pa kabaza ndi chotupa chonga dzira la bakha, anangofunsa kuti, "Abambo, nanga ndodo anakupatsani ija inali yantchito yanji?"

Loweruka lotsatira ku hockey kunabwera anthu ochuluka ndithu, koma atamva kuti ine sindisewera, ambiri anabwerera ku vidiyo sho. Chipewa changa cha Maule mpaka lero sichikulowa.