Ulendo wathu wokacheza ndi abale osamva ku Soweto

Akulu a mpingo anati lipoti la ulendowu ndilembe ine, poti ndine ndinabweretsa ganizoli ku msonkhano wa achinyamata. Mundikhululukire ndikamatchula za ine mwini, chifukwa zomwe zinandichitikira tsikulo sindingazilekanitse ndi ulendowo.

Tinanyamuka ku Rosettenville Lamulungu lomaliza la Seputembala, mwezi womwe kuno ku South Africa amakumbukira anthu osamva. Tinalipo 14: abusa, mayi busa, amayi asanu, otsalawo achinyamata. Minibasi tinachita hayala. Amayi ananyamula ufa, nyemba, nkhuku ndi mapoto awiri aakulu, poti kwa eni ake sapita chimanjamanja.

Tikudutsa pafupi ndi bwalo la mpira la FNB, thupi langa linachita tsembwe. Aphunzitsi athu a chinenero chamanja amaikamba kawirikawiri nkhani ya pabwalo limenelo. Mu Disembala 2013, pamwambo wokumbukira Nelson Mandela, munthu yemwe anamuimika kuti azimasulira ankangoponya manja opanda tanthauzo, dziko lonse likuonera, osamva osatolapo kanthu. Ine ndaphunzira miyezi isanu ndi itatu yokha, Loweruka lililonse ndikaweruka kuntchito, ndipo mantha anga anali omwewo, oti ndidzaima pamaso pa anthu n'kumawanamiza kuti ndikulankhula. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ndikangopereka moni basi, kenako ndikabisala kukhitchini.

Abalewa amasonkhana mu holo yaing'ono. Mipando anaiyala mokhota ngati uta kuti aliyense aziona manja a mnzake, makatani onse otsegula, ndipo mlaliki saima kutsogolo kwa windo chifukwa kuwala kungabise nkhope yake. Pofuna kuti mapemphero ayambe, mnyamata wina anangozimitsa ndi kuyatsa magetsi kawiri, holo yonse n'kutembenuka. Nyimbo amaimba ndi manja, ng'oma yaikulu ikugunda kuti kugundako kuzimveka m'chifuwa ndi kumapazi. Atatilandira sanaombe m'manja, anangokweza manja m'mwamba n'kumawagwedeza. Pasanathe ola tonse tinali titapatsidwa mayina a manja. Abusa anawatcha ndi chizindikiro cha mandala awo, ine ananditcha ndi mpata wa mano anga.

Ambiri mwa iwo anaphunzira ku Sizwile ku Dobsonville, ena ku St Vincent ku Melrose, sukulu yomwe masisitere anaitsegula mu 1934. Anatiuza monyadira kuti kuyambira mu Julaye 2023 chinenero chawo ndi cha nambala 12 pa zinenero zovomerezeka ndi boma, ngakhale kuti munthu akadwala amavutikabe kupeza womumasulira.

Amene analalikira ndi bambo wosamva, womasulira wawo akutiuza m'Chingerezi. Anawerenga Marko 7, nkhani ya munthu wogontha uja. Nkhaniyi ndaimva kuyambira ku Sande sukulu, ndipo nthawi zonse alaliki amathamangira pomwe makutu anatseguka. Bamboyu anachedwa pa zomwe zinachitika makutu asanatseguke. Anatisonyeza Yesu akumutengera munthuyo pambali, kutali ndi khamu lomuyang'anitsitsa, akumugwira makutu, akumukhudza lilime, akuyang'ana kumwamba kuti munthuyo aone komwe thandizo likuchokera. Kenako anakweza nsidze, monga amachitira pofunsa, n'kutifunsa alendofe ngati sitikuona kuti Ambuye anayamba alankhula naye m'njira yomwe iye akanamva.

Apa misozi inanditsika. Ndili ndi mlongo wanga kwathu ku Dedza, wondipondera pamutu, yemwe anasiya kumva ali ndi zaka zinayi atadwala kwambiri. Tinayenda naye m'mapemphero osawerengeka kuti makutu atseguke. Atapita kusukulu ya ana osamva ku Mua ankabwera pa holide ali ndi nkhani zambiri m'manja mwake, ife pakhomo n'kumangomulozera: idya, katunge madzi, gona. Ine ndemwe, mlongo wake, ndinamupempherera zaka zonsezo koma sindinamufunsepo n'kamodzi komwe chimene iye akufuna. Makutu atakanika kutseguka, pemphero langa linazirala osadziwa munthu.

Mapemphero atatha ndinathawiradi kukhitchini. Womasulira anali ndi abusa ndi akuluakulu m'chipinda china. Ndikuvundula nsima ndinamva mayi busa akuitana: “Mwanawe, tabwera, agogowa akuti chiyani?” Anali mayi wachikulire wosamva, wovala duku loyera, atawagwira mayi busa pamkono. Ndinapukuta ufa pachitenje, manja akunjenjemera. Poyamba sindinatolepo kanthu, ndipo ndinawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Anabwereza katatu osakwinya nkhope. Nditalakwitsa chizindikiro china anandigwira dzanja, n'kupinda chala changa chimodzi, n'kulikweza pang'ono, kenako anagwedeza mutu kuti tsopano wakhoza. Dzanja lawo linali lofunda, lokhakhala ngati la agogo anga.

Nkhani yawo inali yoti anakhala zaka zambiri mu mpingo wa anthu akumva, akungoyang'ana milomo ikuyenda, ena akaima iwo n'kuima, akakhala n'kukhala. Tsopano ankafuna mayi busa amupempherere mdzukulu wawo yemwe akusowa ntchito. Mayi busa anatsinzina monga mwa chizolowezi n'kuyamba. Agogo anawagogoda paphewa n'kuloza maso awo. Anapemphera kachiwiri maso ali gwa, m'Chichewa, ine ndikusandutsa mawu amodziamodzi kukhala manja. Pomwe mawu anandisowa ndinalemba ndi zala, pena ndinangosonyeza. Pofika pa dzina la Yesu, pomwe chala chapakati chimakhudza chikhatho ichi kenako icho, malo a misomali, ndinazindikira kuti sindikungomasulira ayi, ndikupemphera, ndipo papita zaka ndisanapemphere chomwecho. Agogo anayankha ameni ndi manja awo n'kundikumbatira. Nsima inali itapserera pang'ono pansi, koma anadya onse n'kupempha ina.

Tisananyamuke tinagwirizana zingapo. Abalewa adzabwera kudzatiyendera ku Rosettenville, ndipo tsikulo mipando yakutsogolo idzakhala yawo. Achinyamata anayi alembetsa kuti ayambe nawo maphunziro a Loweruka. Abusa apemphanso kuti aliyense wodziwa Mmalawi wosamva kuno ku Joni, kaya ali pa ganyu kaya amangokhala pakhomo, awadziwitse akulu a mpingo. Dziwani kuti chinenero chamanja cha kuno n'chosiyana ndi cha kwathu, choncho tidzafunika kuphunzira kwa iwonso.

Tinafika kunyumba cha m'ma 6 madzulo. Usiku womwewo ndinaimba foni ya vidiyo pa WhatsApp n'kupempha amayi kuti amupatse mlongo wanga. Zizindikiro zanga zina sanazimve, zake zambiri zinandidutsa, koma nditamuonetsa dzina langa latsopano anaseka, n'kundionetsa dzina lomwe anandipatsa yekha ali ku Mua, lomwe ine sindinkalidziwa. Tinacheza mpaka bandulo inatha. Tapangana kuti Lachitatu andiphunzitsa mayina a anthu onse a pakhomo pathu.