Pa tigalimoto takale ta ku Ulaya, mtima wanga uli pa 2CV

Anzanga, dzulo tinakangana mpaka usiku kuti pa tigalimoto takale ta ku Ulaya, kopambana ndi kati. Ambiri akuti Mini ya 1959 ndiye mfumu, poti Alec Issigonis, yemwe anaipanga, anaika injini mopingasa kutsogolo, anthu anayi n'kukwana bwinobwino m'kagalimoto ka mamita atatu okha. Nzeru zinalipo, sindikana. Fiat 500 ya 1957 nayonso ndi yokongola.

Koma ine ndili pa Citroën 2CV ya 1948. Anaipangira alimi a ku France, kuti idutse m'munda wolimidwa itanyamula dengu la mazira, dzira ngakhale limodzi osasweka. Injini yake ya masilinda awiri, 375cc, inkazizira ndi mphepo, osafuna madzi. Inkayenda pang'onopang'ono, inde, koma mlimi ankatha kuikonza yekha pakhomo. Mipando nayonso ankaichotsa n'kukhalira panja pomwe akudya.