Lipoti la ulendo wa gulu lathu ku Leipzig: madimba chisanu chikutha

Kwa mamembala anzathu amene simunapite nawo,

Munandituma kuti ndidzalembe zimene tikaone, ndiye nazi. Ulendo wathu wokacheza ndi mabanja olima timadimba mu mzinda wa Leipzig ku Germany unachitika chakumapeto kwa Malichi. Za panjira sindichulutsa gaga m'diwa. Tinayenda bwino, ndipo pa siteshoni ya sitima tinapeza otilandira atanyamula majekete ena apadera, poti ankadziwa kale kuti athu sakwanira. Anatigawa awiriawiri m'mabanja awo.

M'mawa woyamba kupita kumadimba, ambiri mwa ife tinagwa ulesi. Mabedi anali dothi lokhalokha, mitengo ya maapozi ilibe ndi tsamba limodzi lomwe, mipopi yotseka chifukwa madzi amawatsekeratu nyengo yozizira kuopa kuti angaundane n'kuphulitsa mapaipi. Amayi ena a m'gulu lathu anandinong'oneza kuti ulendo wonsewu tadzera kudzaona dothi basi? Kupatula timaluwa ta crocus tomwe tinatuluka mu udzu ndi zitsamba za forsythia zochita chikasu kuti mbee, panalibe choti munthu n'kujambula.

Dimba lenilenilo tinakalipeza m'nyumba. Kumene ndinkagona ine, zenera lililonse loyang'ana kummwera, komwe dzuwa limakhala masana kumeneko, linali nazale. Panali timakapu ta yogati tobooledwa kunsi, timiphika topinda ndi nyuzipepala, chilichonse chili ndi kamtengo kolembapo mtundu wa mbewu ndi tsiku lofesa. Tsabola anafesedwa mu Febuluwale poti amachedwa kumera, tomato pakati pa Malichi. Pansi pa zenera pamakhala chotenthetsera nyumba, ndipo kutenthako kumathandiza kuti njere zimere. Koma zikangomera, kutentha komweko kumasanduka mdani. Kuwala kukadali kochepa, ndiye mbande zimangotalika zili zoonda mpaka kugwa zokha. N'chifukwa chake abambo a m'nyumbamo amazisamutsira kuchipinda chozizirirapo, n'kuimika kumbuyo kwake katoni yomata pepala lonyezimira kuti libwezere kuwala. Mwana wawo wamkazi, wa ku pulayimale, ntchito yake m'mawa uliwonse asanakwere njinga kupita kusukulu ndi kutembenuza timiphika tonse kuti mbande zisapendekere mbali imodzi. Palibe womukumbutsa.

Madzulo ena tinathandiza nawo kupatula mbande za tomato patebulo lodyera, atayalapo nyuzipepala. Amayi a m'nyumbamo amazula kambande ndi nsonga ya pensulo, n'kukagwira patsamba osati patsinde. Tsamba likathothoka limaphuka lina, koma tsinde likafinyika ndiye kuti zathera pomwepo. Akamakaika mu kamphika katsopano amakakwirira mozama mpaka pafupi ndi timasamba toyambirira, chifukwa tsinde la tomato limatulutsa mizu paliponse pamene lakhudza dothi. Ntchito yake ndi yochedwa, ndipo banja lonse limakhala pomwepo, nkhani za tsikulo zikukambidwa zala zili bii ndi dothi.

Tinafunsa kuti bwanji osangokaokera kudimba, dzuwa likuwala chonchi. Anatiuza kuti dzuwa la Malichi ndi lonyenga. Usiku umodzi wokha wa chisanu umawaula tomato yense. Olima akumeneko amadikira masiku amene amawatcha Eisheiligen, kuyambira pa 11 mpaka pa 15 Meyi, omwe pa kalendala ya tchalitchi ndi masiku a oyera mtima ena ndipo anthu amati ndiwo amatsekera chisanu chomaliza. Ndiye tomato amakhala m'nyumba miyezi iwiri yathunthu, akuleredwa ngati khanda. Mu Epulo amayamba kumutulutsa pakhonde masana, madzulo n'kumulowetsanso, kuti azolowere mphepo. Zimene zimapirira kuzizira ndizo zinali zitalowa kale m'nthaka: nsawawa, sipinachi, karoti, radishi ndi timitu ta anyezi, zina atazifunda ndi nsalu yoyera yopyapyala. Mbatatesi zinali m'mathireyi a mazira pamalo owala, zikutulutsa timaso tatifupi tonenepa, kudikira kuti nthaka ifunde.

Chimene chinandisangalatsa ndi chakuti sadalira kalendala yokha. Agogo ena aamuna, omwe dimba lawo lili pafupi ndi chipata, anali kalikiliki kudulira maluwa a rozi, ndipo anatilozera forsythia uja kuti akangochita maluwa ndiye kuti nthawi yodulira yakwana, kaya chaka chafulumira kaya chachedwa. Amadula mopendeketsa pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja, kuti nthambi yatsopano isakulire mkati mwa chitsamba. Anadula kwambiri moti ena a ife tinamva chisoni, koma iwo anangoseka.

Anatitengeranso ku nyumba yosungiramo mbiri ya madimbawa, Deutsches Kleingärtnermuseum, yomwe ili m'nyumba yakale ya bungwe loyamba la madimba otchedwa ndi dzina la Schreber. Mbiri yake ndi yoseketsa pang'ono. Mu 1864 mkulu wa sukulu wina, Ernst Hauschild, anayambitsa bungwe n'kulipatsa dzina la dokotala Moritz Schreber, yemwe anali atamwalira mu 1861 ndipo ankalimbikitsa kuti ana a m'tauni azisewera panja. Poyamba linali bwalo la masewera chabe. Kenako mphunzitsi wina, Heinrich Karl Gesell, anakonza timabedi m'mphepete mwa bwalolo kuti ana aphunzire kulima. Anawo sanachedwe kutopa nazo, udzu unamera, makolo n'kutenga makasu. Timabedi ta ana tinasanduka madimba a mabanja, anamanga mipanda ndi tinyumba, ndipo mpaka lero Ajeremani ambiri amatchula timadimbati ndi dzina la Schreber, munthu amene sanaonepo timadimbato. Mu Leipzig mokha muli madimba otere oposa 30,000.

Tsopano za malamulo, pomwe gulu lathu linagawanika maganizo. Pali lamulo la dziko lonse la mu 1983 lonena za madimbawa. Dimba lisapitirire masikweya mita 400. Kanyumba kake, pamodzi ndi khonde lofolera, kasapitirire masikweya mita 24, ndipo si kokhalamo chaka chonse. Gawo limodzi mwa magawo atatu a malowo liyenera kukhala la ndiwo zamasamba ndi zipatso, si kungodzala kapinga n'kuikapo mipando. Pamwamba pa apo bungwe lililonse lili ndi akeake: kutalika kwa mpanda, maola oletsa phokoso, ndi maola amene membala aliyense ayenera kugwira ntchito ya onse monga kukonza tinjira. Palinso lamulo loteteza zachilengedwe loletsa kugwetsa kapena kudula kwambiri mipanda ya zitsamba kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Seputembala, chifukwa mbalame zimakhala zikuikira. Kumeta nsonga zokha ndiko kololedwa.

A tcheyamani athu anati zimenezi n'zopanikiza, munthu walipira malo koma akuchita kuuzidwa podzala kabichi. Ine ndinaona mwina. Lamulo lomwelo ndilo limaika malire pa lendi, kuti isapitirire kanayi mtengo wobwerekera malo olimapo zipatso ndi masamba ogulitsa m'deralo, komanso limachititsa kuti mwini nthaka asathamangitse olimawo mwachisawawa. Popanda zimenezo malo a pakati pa mzinda ngati amenewa akanamangidwa kalekale, ndipo woyendetsa basi sakanakhala ndi dimba moyandikana ndi dokotala monga tinaonera. Komabe ndivomereze kuti nkhani yoyeza mpanda ndi tepi inandikanika kuimvetsa.

Ntchito zamanja zimene tinaona zambiri ndi zipatso za miyezi ya mdima, pomwe dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Amayi a kumene ndinkagona anatitulutsira dengu lodzaza masokosi oluka okha. Amalukira pa singano zisanu, zinayi zikugwira ntchitoyo mozungulira, yachisanu ikuyenda. Ulusi wake ndi ubweya wa nkhosa wosakaniza ndi nayiloni pang'ono kuti usathe msanga pachidendene, ndipo pachidendene pomwepo ndi pamene pamaonekera mmisiri. Oluka a m'gulu lathu anaphunzira kukhota kwake usiku womwewo, ndipo iwo anawaonetsa amayiwo kalukidwe ka singano imodzi yokowa komwe anali asanakayesepo. Chinenero chinalibe ntchito pamenepo, womasulira anangokhala n'kumamwa tiyi.

Abambo ndi mwana wawo wamwamuna anali atakhoma timabokosi ta matabwa toti mbalame ziikiremo, ndipo tinakawathandiza kupachika tomaliza pamitengo ya maapozi. Kukula kwa bowo ndiko kumasankha mlendi. La mamilimita 28 limalowetsa kambalame kakang'ono ka mutu wabuluu, la 32 limalola inzake yokulirapo ya mutu wakuda. Bowolo amaliyang'anitsa kum'mawa kuti mvula ndi dzuwa la masana zisalowe. Si zokongoletsa chabe ayi, mbalamezi zimadyetsa ana awo mbozi zomwe zikanadya masamba a mitengoyo.

Koma chimene chinatisiya kukamwa kuli yasa ndi mazira a Pasaka. Agogo aakazi a m'banja lina kwawo ndi ku Lusatia, dera la anthu a mtundu wa Sorb chakum'mawa kwa Saxony, chigawo chomwe muli Leipzig, kufupi ndi tauni ya Bautzen. Anatikhazika patebulo, pakati ataika supuni yopinda yozikidwa mu mbatatesi yodula pakati, m'supunimo muli phula la njuchi, pansi pake kandulo. Zolembera zake ndi nthenga za tsekwe zometa mpaka kutsala kansonga ka ngodya zitatu kapena zinayi, ndi phini wobayidwa pa kamtengo. Amaviika nthenga m'phula lotentha n'kudinda padzira msangamsanga lisanaume, kadontho ndi kadontho, mzere kuzungulira dzira lonse. Akatero amaliviika mu utoto wowala, n'kudindanso, n'kuliviika mu wakuderapo. Pomwe pali phula utoto sulowa, ndiye pomaliza akasungunula phulalo pafupi ndi moto n'kupukuta, mitundu yonse imatulukira nthawi imodzi. Manja a agogowo amanjenjemera akanyamula kapu, koma akagwira nthenga amangoti zii. Athu mazira anatuluka okhotakhota, iwo n'kuwapachikabe pa nthambi m'vazi limodzi ndi awo.

Lamlungu masitolo amakhala otseka ndipo makina aphokoso saloledwa, ndiye mabanja amangoyenda. Linalinso tsiku losuntha mawotchi ola limodzi kutsogolo, monga amachitira Lamlungu lomaliza la Malichi, moti tonse tinadzuka tili ndi tulo m'maso. Tinapita ku nkhalango ya m'mphepete mwa mitsinje yomwe imadutsa mumzinda momwemo, yotchedwa Auwald. Musanaone kanthu mphuno imayamba yamva: pansi ponse pamera adyo wam'tchire. Munthu amaloledwa kuthyola wodzaza dzanja limodzi wokadya kunyumba, kupatula m'zigawo zotetezedwa, ndipo anatichenjeza kuti pali zomera zina zapoizoni za masamba ofanana naye, choncho amathyola tsamba limodzilimodzi akuliyang'anitsitsa. Madzulo anamusinja n'kusakaniza ndi batala, tinadyera buledi. Titabwerako tinakakhala pakhonde la kanyumba ka kudimba, khofi ndi keke zili patebulo, aliyense atafunda bulangete m'miyendo koma nkhope atalozetsa kudzuwa.

Potsanzikana anafuna kutipatsa njere za tomato wa mitundu yakale amene amasunga okha chaka ndi chaka. Tinathokoza koma sitinatenge, chifukwa mbewu siziwoloka malire popanda zikalata za boma zotsimikiza kuti zilibe matenda. A mlembi alonjeza kufufuza ndondomeko yake. Zimene tabwera nazo ndi singano zolukira masokosi, nthenga zometa kale zingapo, ndi muyezo wa timabokosi ta mbalame wojambula papepala. Pamsonkhano ukubwerawu oluka aja adzaonetsa kakhotedwe ka chidendene, ndiye amene muli ndi ulusi mudzabwere nawo. Nkhani ya maola a ntchito ya onse, imene a tcheyamani ndi ine sitinagwirizanebe, idzakhalanso pa mndandanda wa zokambirana.