Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kangalande ka pa pule

M'gawo lapitali tinalekezera pomwe crankshaft (chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza) ndi mapisitoni zinalowa m'malo mwake mu injini ya Land Rover Series IIA ya amalume, ija ya petulo ya 2286 cc. Kutsogolo kunatsala kuvala chivundikiro cha tcheni cha timing, oil seal yatsopano (kamkombero ka labala koletsa oyilo kutuluka) ndi pule (gudumu la kutsogolo kwa crankshaft lozunguza lamba wa fani). Ine ndinkaona ngati ntchito yakumapeto basi. Amalume, amene maso anali atayamba kale kuwavuta, anapempha kuti ndiwapatse pule ija m'manja.

Anaipukuta ndi kansalu, n'kuyendetsa chikhadabo pakhosi pake, pamene mlomo wa seal umakhudza. Chikhadabo chinakodwa.

"Mphwanga, tabwera umve wekha," anatero.

Panali kangalande kozungulira khosi lonse, kowala mbee. Mpaka lero zimandidabwitsa kuti labala, chinthu chofewa, ndi amene anadya chitsulo. Komatu si labala yekha. Galimoto imeneyi inakhala zaka zambiri m'fumbi ndi m'matope, ndipo timchenga timakanirira pamlomo wa seal. Labala akamakalamba amauma, kasipuling'i ka m'kati kamamukanikizabe pachitsulo, ndiye pule ikamazungulira malo amodzimodziwo amapalika pang'onopang'ono. Seal yatsopano ikakhala pa ngalande yotereyi siigwira bwino, oyilo amadutsa pansi pake, fani n'kumumwaza injini yonse.

Ndinafunsa ngati sitingangopala ndi sandipepa. Amalume anakana ndithu. Kuti ngalande ithe uyenera kuchepetsa khosi lonse, ndipo seal imakhala yokhwepa. Choopsa china n'chakuti dzanja limasiya timizere topendekeka, ndipo pule ikamazungulira timizereto timakankhira oyilo kunja. N'chifukwa chake kumashini, malo a seal amawanola mwala utalunjika pamodzi, osauyendetsa uku ndi uku.

Njira zinalipo zingapo. Ena amalowetsa seal mozamirako pang'ono kuti mlomo ugwere pachitsulo chosadyeka, ndipo zimathandiza ngati malo alipo. Ena amagula pule ina. Amalume sanafune kutaya yawo, yomwe inabwera ndi galimotoyo, ndipo ine ndinagwirizana nawo: pule yonse inali yolimba, polowa kiyi (kachitsulo kogwirizitsa pule ku crankshaft) panali posadyeka, vuto linali kamzere kamodzi kokha. Tinasankha Speedi-Sleeve ya kampani ya SKF. Ndi kamkombero ka chitsulo chosachita dzimbiri, kochindikala mamilimita 0.28 okha, kamene kamavekedwa pamwamba pa malo odyekawo. Chifukwa cha kupyapyala kwake, seal imakhala ya saizi yakale yomweyo.

Apa m'pamene amalume anandipatsa micrometer yawo, chida choyezera kunenepa kwa chitsulo, imene kuyambira ndili mwana sankalola aliyense kuigwira. Manambala ake sankawaonanso. Anandiuza kuti ndiyeze pambali pa ngalande, pamene chitsulo sichinadyeke, malo atatu mozungulira khosi, ndiziwerenga mokweza. Iwo ankangogwedeza mutu. Sleeve imasankhidwa potengera muyezo umenewu, chifukwa imagwira ndi kuthina kwake kokha. Ikakula imazungulira payokha, ikachepa imapindika polowa.

Itafika, tinatsuka khosi lija mpaka mafuta onse kutha, n'kuchotsa tizitsulo tosongoka m'mphepete. Ngalande inali yozamirapo, choncho tinaidzaza ndi epoxy, guluu wolimba, wosakaniza ndi ufa wa chitsulo, kuti sleeve isakhale pamphako. Imayenera kulowa epoxy asanaume, ndiye panalibe zozengereza. Sleeve ili ndi kamphepete kotambalala mbali imodzi, ndipo imabwera ndi kachikho kokhomera kamene kamakankha pa kamphepeteko, osati pamalo osalala. Ndinaika pule pathabwa, kachikho pamwamba, n'kumamenya pakati penipeni ndi hamala yopepuka.

"Usathamange, mphwanga. Imva kulira kwake. Ikapendekeka ndikuuza."

"Ikulowa bwino, amalume."

Ankamvetsera atatsinzina, dzanja lili pathabwa. Sleeve itaphimba ngalande yonse anandiimitsa, n'kuzunguliza chala chawo kufufuza ngati pali pokandika. Panalibe. Kamphepete kaja kali ndi mzere wodulira ukafuna kukachotsa, koma kwathu sikankagunda kanthu, tinakasiya.

Seal tinaikhoma m'chivundikiro mbali ya sipuling'i italoza m'kati, kumene kuli oyilo, ndipo mlomo wake tinaupaka oyilo woyera kuti usapse pozungulira koyamba. Amalume anandiuzanso kutsuka breather ya injini, potulukira mpweya wa m'kati mwake, chifukwa ikatsekeka mpweya umadzaza m'kati n'kukankha oyilo ngakhale pa seal yabwino. Pule inalowa mofewa, ndipo injini italira pambuyo pake, kutsogoloko sikunadonthe.

Kumbuyo ndiye kunatipatsa ntchito ina. Injini ya mabeyaring'i atatu imeneyi ili ndi seal yodulidwa pakati komanso tizidutswa tiwiri ta cork tooneka ngati chilembo T, ndipo za zimenezo ndidzakusimbirani m'gawo 10.