Tsiku Limene Ndinabweretsa Mulungu Wina M'chapelo

Baibulo la Chiheberi ndinaligula kwa abusa ena opuma pantchito, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ndinabwerera nalo kwawo. Ndinawauza mwaulemu ndithu kuti bukulo linalakwika kosindikiza, chifukwa chikuto chakumaso chinali kumbuyo ndipo Genesis anali kumathero. Agogowo sanaseke. Anangolitembenuza, n'kundibwezera m'manja. "Mwana wanga, Aheberi amayambira kumene inu mumathera." Ndinatsanzika msangamsanga, tiyi amene amayi abusa anatereka ndinamusiya akuwira pamoto.

Umu ndi mmene ndinalowera kalasi yamadzulo ya Chiheberi pa sukulu ina ya zaubusa, ine munthu woti imvi zinayamba kale kusuzumira.

Aphunzitsi atanena kuti zilembo zake ndi 22 zokha, mumtima ndinati izi ndi za sabata imodzi. Iwo anadikira kuti chimwemwe chathu chikhazikike, kenako anawonjezera kuti zonsezo ndi makonsonanti, mulibe a, e, i, o, u. Zisanu mwa izo, kaf, mem, nun, pe ndi tsadi, zimasintha maonekedwe zikakhala kumapeto kwa mawu. Alef ilipo, imalembedwa bwinobwino, koma simveka. Nanga mavawelo? Amenewo ndi timadontho ndi timizere tokhala pansi, pamwamba kapena m'mimba mwa chilembo. Anatiika ndi akatswiri achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias, patapita zaka mazana ambiri malembawo atalembedwa kale. Buku lija ndinkafuna kubweza, Biblia Hebraica Stuttgartensia, limatsata Leningrad Codex, buku lolembedwa pamanja cha m'ma 1008. Ndiye kuti ine ndinkafuna kukonza zimene zakhala choncho kwa zaka chikwi.

Kadontho kamodzi pansi pa chilembo ndi i. Tiwiri togundizana chopingasa ndi e. Titatu tokhala ngati mafuwa ndi e winanso, dzina lake segol. Tiwiri tosanjikizana ndi sheva, amene pena amamveka pang'ono, pena amangokhala duu, malinga ndi pamene wakhala. Bet akakhala ndi kadontho m'mimba ndi b, akapanda ndi v. Shin kadontho kakakhala kumanja ndi sh, kakasamukira kumanzere ndi s. Ine ndinatsimikiza kuti kadontho kalikonse ndidzakalemekeza. Pa pepala langa lobwerezera panali kena pansi pa chilembo mem, ndipo ndinkakatchula mokhulupirika m'mawa ndi madzulo, ngakhale anzanga onse analibe. Ndinayamba kuwakayikira kuti akulumpha Mawu a Mulungu. Mnyamata wina wokhala pambali panga anangotenga pepalalo, n'kukanda ndi chikhadabo. Kadontho kanachoka. Inali ntchito ya ntchentche.

Maso atayamba kuzolowera, lilime linakana. Ife Achewa mawu sitiwasiya opanda vawelo kumapeto, timawaveka ndithu. Ndipo l ndi r sitikangana nazo, wina anene Maria wina Maliya, munthu ndi yemweyo. Choncho mawu oyamba a Genesis, Bereshit bara Elohim, kalasi yonse inkawaimba mogwirizana kuti "Beleshiti bala Elohimu." Aphunzitsi ankatseka maso. Tsiku lina anatitsegulitsa Oweruza 12, pamene amuna a ku Gileadi anatsekereza madooko a Yorodano, n'kumauza aliyense wofuna kuwoloka kuti anene Shiboleti. Aefraimu ankati Siboleti, ndipo anagwa okwana 42,000. Atatseka bukulo anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Inu nonse mukanakhala pa Yorodano paja, palibe akanawoloka."

Chilembo chimene chinandivutitsa kwambiri ndi chet. Sichituluka pamilomo kapena pamano, chimachokera kukhosi kwenikweni. Usiku wina titangotha kudya nsima ya chambo, ndinakhala pakhonde n'kumayeserera. "Ekhhh... ekhhhad." Sindinamve mapazi. Ndinangomva chibakera pamsana, phii!

"Bambo, ndi munga! Musalankhule! Iwe, thamanga ubweretse mbamu ya nsima, ameze yathunthu!"

"Mayi, ndikuphunzira."

"Kuphunzira kwa mtundu wanji kofuna kundisiya wamasiye?"

Nsimayo ndinameza ndithu, poti mwana anali ataibweretsa kale ndipo aneba awiri anali ataima pampanda.

Kumapeto kwa teremu kunali mapemphero m'chapelo, mabanja athu ataitanidwa. Pokhala wamkulu m'kalasi, ndinasankhidwa kuti ndiwerenge Deuteronomo 6:4 m'Chiheberi. Ndi vesi limene Ayuda amalitcha Shema, amalinena m'mawa ndi madzulo, ndipo lili ndi mawu asanu ndi limodzi okha: Shema Yisrael Adonai Eloheinu Adonai echad. Ndikanatha kungoloweza pamtima monga anachitira anzanga ochenjera. Koma ine ndinati ayi, ndalipira fizi kuti ndiziwerenga, ndiwerenga chilembo ndi chilembo anthu aone.

Msampha umene ndinkauopa unali dzina la Mulungu. Limalembedwa ndi zilembo zinayi, yod, he, vav, he, koma silitchulidwa. Ukafika pamenepo umati Adonai, ndipo timadontho tili pamenepoto ndi tokumbutsa mawu amenewa. Aphunzitsi anatiuza kuti kuwerenga zilembozo pamodzi ndi timadontho tomwe si tawo ndi kumene kunabala dzina loti Yehova lili m'Baibulo lathuli. M'vesi langa dzinali likupezeka kawiri.

Ndinaima kutsogolo, jekete lochita kusitidwa kawiri, amayi akunyumba ali pabenchi yachiwiri ndi chitenje chatsopano. Shin ndinamutchula ngati munthu woti awoloka Yorodano. Yisrael anatuluka ndi r weniweni. Adonai woyamba, bwinobwino. Adonai wachiwiri, bwinobwino. Ndinaona aphunzitsi akugwedeza mutu movomereza, ndipo apa ndi pamene mtima unayamba kuvina nyimbo isanathe.

Anatsala mawu amodzi, zilembo zitatu. Alef, chet, ndi chachitatu. Tsono pali zilembo ziwiri zimene ndikukhulupirira kuti zinalengedwa pofuna kuyesa anthu ovala magalasi: dalet, ד, ndi resh, ר. Dalet ali ndi ngodya yakuthwa ndi kamchira kotulukira kumanja, resh ndi wopindika mofewa. Kusiyana kwake ndi komweko. Thukuta linali litachita nthunzi pamagalasi, ndipo ine ndinaona resh. Pomwepo m'mutu munabwera mawu ena amene tinaloweza sabata yomweyo, oyambanso ndi alef ndi chet. Timadontho tija ndinkatilemekeza mpaka ta ntchentche tomwe, tsiku limenelo sindinatiyang'ane n'komwe. Ndinakoka mpweya, ndipo chet anatuluka wokoma kuposa masiku onse a moyo wanga.

"Adonai akheeer!"

"Ameeen!" chapelo yonse inayankha. Amayi akunyumba anaimba nthungululu. Mlendo wina wachikulire anakweza dzanja kumwamba. Aphunzitsi okha ndi amene anali atagwira kumutu ndi manja onse awiri, ndipo mnyamata wa chikhadabo uja anali atalowa pansi pa benchi, mapewa akugwedezeka.

Panja aphunzitsi anandikokera pambali. "Akulu, echad ndi mmodzi. Acher ndi wina. Mwalengeza pamaso pa anthu kuti Yehova ndi wina, ndipo mpingo wavomereza." Anandiuzanso kuti m'mipukutu ya Tora, mabuku asanu a Mose, dalet wa pamenepo amalembedwa wamkulu kuposa zilembo zinzake, ndipo pa Eksodo 34:14, pamene akuletsa kupembedza mulungu wina, resh ndi amene amakulitsidwa. "Alembi aja anakuonerani patali mukubwera."

Amayi akunyumba mpaka lero amauza anzawo a kumvano kuti bambo anawerenga bwino kuposa onse, ndipo ine sindinapeze mpata wabwino wowafotokozera. Anzanga a m'kalasi amanditcha a Efraimu.

Teremu yachiwiri itatsegulidwa, aphunzitsi anabwera ndi tsamba la nyuzipepala ya ku Israel, n'kuliika patebulo langa. Ndinapukuta magalasi, ndinaliyandikitsa, ndinalitalikitsa. Munalibe kadontho ngakhale kamodzi.

"Aphunzitsi, mavawelo aiwala."

"Sanaiwale, a Efraimu. Kumeneko timadontho amaikira ana ndi ongoyamba kumene. Yambani pamwamba, kumanja."