Lamulungu m'mawa ku famase ya ku Manchester

Kondomu inang'ambika Lachisanu usiku. Loweruka ndinali pa shifiti ya maola 12 ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndipo tsiku lonse mutu unali pa kuwerenga masiku. Wathu womaliza ali ndi chaka ndi theka, bambo ake ndi ine tinagwirizana kuti tiyambe tapuma. Kwa GP, dokotala wathu wa m'dera, Lamulungu n'kotseka, ndipo kudikira Lolemba kunali kutaya nthawi imene ndinalibe.

Ndinayamba ndaimba foni ku mafamase. Izi musaziphonye, chifukwa si famase iliyonse imene tsiku limenelo ili ndi wamankhwala wololedwa kupereka mwaulere mapiritsi a pangozi oteteza kutenga mimba. Koyamba anati mwini wake abwera Lolemba. Kwachiwiri anati bwerani.

Pa kauntala panali anthu atatu, mmodzi gogo wogula mankhwala a chifuwa. Ine mawu anandiuma pakhosi. Ndinangonena motsitsa kuti ndikufuna kuonana ndi wamankhwala patokha, ndipo mtsikana wa pakauntala sanafunse kanthu. Anandilozera kachipinda ka pambali, kokwana mipando iwiri ndi sikelo.

Wamankhwalayo, mayi wachikulire ndithu, anatulutsa fomu n'kundifotokozera kuti akugwira ntchito pansi pa chikalata chotchedwa Patient Group Direction. Chikalatachi amasainira dokotala ndi wamankhwala, ndipo chimanena amene angapatsidwe mankhwala, mlingo wake, ndi amene ayenera kutumizidwa kwa dokotala. Kunena kwina, dokotala anavomereza kale ine ndisanabwere, bola mayankho anga agwirizane ndi zolembedwazo. Kuno ku Manchester, Salford ndi Trafford ndi kumene anayesera njira imeneyi mu Disembala 1999, ndipo mu 2001 mapiritsi a pangozi otchedwa Levonelle anayamba kugulitsidwa m'mafamase popanda kalata ya dokotala.

Mafunso ake anali osapsatira. Zinachitika liti, nthawi yanji? Msambo womaliza unayamba tsiku liti? Mwagonanso mosadziteteza mwezi uno? Apa ndinazindikira chifukwa chake. Mapiritsiwa ntchito yake n'kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke. Ngati dzira latuluka kale, sathandiza, ndipo ngati mimba yakhazikika sayichotsa. Ndinakula ndikumva azimayi ena akuti amenewa ndi ochotsera mimba, ndiye mtima unakhala pansi nditamva zimenezi kuchokera kwa munthu wodziwa.

Kenako anafunsa za mankhwala ena amene ndikumwa: ena a khunyu, a TB monga rifampicin, ma ARV ena monga efavirenz, ngakhale azitsamba otchedwa St John's Wort. Onsewa amafooketsa mphamvu ya mapiritsi. Ine sindimwa chilichonse mwa izi, koma ndinaganiza za anzathu ambiri amene amabisa za ma ARV ngakhale kwa abale awo enieni. M'kachipinda kaja kubisa n'kudzipweteka wekha, chifukwa ukhoza kumeza piritsi lopanda ntchito n'kupita kunyumba uli wokondwa.

Ndiye sikelo. Inaloza makilogalamu 81, ine n'kuseka mwamanyazi, nsima ya ufa wa ku sitolo ya Amwenye siinama. Anati levonorgestrel (Levonelle uja), wa 1.5 mg amene amamwedwa pasanathe maola 72, amachepa mphamvu munthu akapitirira makilogalamu 70. Choncho anasankha ulipristal wa 30 mg, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti ellaOne, wogwira mpaka maola 120. Ananenanso kuti yoposa zonse ndi lupu ya kopa, yoikidwa pasanathe masiku 5, ndipo anandilembera kumene ndingapite. Ndinati ndikaganiza.

Piritsi ndinamezera pomwepo ndi kapu ya madzi. Anandichenjeza kuti ndikasanza pasanathe maola 3 ndibwerere ndidzamwe lina, kuti ndisayambe mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku mpaka patapita masiku 5, ndiponso kuti tigwiritse ntchito kondomu mpaka msambo ubwere. Ukachedwa kupitirira sabata imodzi, ndiyezetse.

Zonsezi zinatenga mphindi ngati 20, osalipira ngakhale peni. Potuluka ndinagula kachida koyezera mimba n'kukaponya pansi pa chikwama. Msambo unachedwa masiku anayi, ndipo kachidako kakadali m'dirowa, m'pepala lake.