Mizere yabuluu ija tsopano ndaimvetsa

Pa CAD (kujambula mapulani a zinthu pa kompyuta), nkhani ya ma constraint, malamulo omangira mizere kuti isagwedere, yalowa m'mutu tsopano, mtima wakhala pansi. Chinkandizunguza n'chakuti mu pulogalamu ya AutoCAD ndinazolowera kujambula mzere kaye, kenako n'kuikapo dimension yongonena kutalika kwa chomwe ndajambula kale. Ma constraint alimo ndithu kuyambira AutoCAD 2010, koma palibe amene anationetsa. M'mapulogalamu a SolidWorks ndi FreeCAD nambala ndiyo imalamula mzere. Ukalemba 40 pamene panali 25, mzere umatalika wokha, bowo lomwe unalimangirira pakati n'kusuntha nawo. Driving dimension imalamula, driven dimension imangowerenga.

Koma chomwe chinatsegula zonse ndi degrees of freedom, kuchuluka kwa njira zomwe chinthu chingayendere. Kadontho pa sketch (chojambula cha mizere) kamatha kuyenda pa X ndi pa Y, ndiye kali ndi 2. Mzere uli ndi nsonga ziwiri, ndiye 4. Circle ili ndi 3: ziwiri za pakati pake, imodzi ya radius. Constraint iliyonse imadyako pa nambalazi. Horizontal, yogoneka mzere, imadya imodzi. Coincident, yolumikiza madontho awiri, imadya ziwiri, chifukwa imamanga X ndi Y nthawi imodzi. Zikatha zonse mpaka 0, sketch yako ndi fully constrained, palibenso chogwedera. N'chifukwa chake mu SolidWorks mizere yabuluu imasanduka yakuda, mu FreeCAD imasanduka yobiriwira. Nthawi yonseyi pulogalamu inkawerengera, n'kumandiuza yankho ndi mtundu wa mzere!

Ngakhale over-constrained (ma constraint opitirira muyeso), uthenga umene unkandiopsa uja, ndi kuwerengera komweku. Rectangle waipatsa m'litali, waipatsa m'lifupi, kenako ukuwonjezeranso diagonal. Palibe chatsala choti idye, nanga pulogalamu imvere iti?

Njira yanga tsopano ndi imodzi basi: ndimagwira kadontho ndi mausi n'kukakoka. Kakayenda, ndimaona komwe kakulowera, ndipo pamenepo ndiye pakusowa constraint. Ndimayamba ndi zomanga maonekedwe, monga parallel, tangent, equal ndi symmetric, manambala pomaliza. Ine ndikuti munthu akangodziwa kukoka kumeneku, theka la CAD walidziwa. Mukane ngati mukufuna.

Chondipweteka n'chakuti m'kalasi nthawi inathera pa kutionetsa mabatani: dinani apa, dinani apo, koperani chithunzi chili pa bolodi. Sketch ikaoneka yofanana ndi ya aphunzitsi, wakhoza, kaya ikugwedera kaya ayi. Chonsecho nzeru imeneyi ndi yakale. Ivan Sutherland anali nayo kale mu pulogalamu yake ya Sketchpad ku yunivesite ya MIT mu 1963, mizere ikumvera malamulo omwe waipatsa. Kufotokoza 2, 4 ndi 3 uja sikukanatha ngakhale phunziro limodzi. Pano mayeso ayandikira, ndipo ma sketch anga akale ndikuwakonza usiku, imodzi imodzi.

Pa assembly, kulumikiza zidutswa (ma part) kukhala chinthu chimodzi, ndiye ndikukayikabe. Part iliyonse ili ndi degrees of freedom 6, zitatu zoyenda ndi zitatu zozungulira. Concentric mate, yoika shaft pakati pa bowo, imadya 4, n'kusiya shaft ikuzungulira komanso kutsetsereka m'bowo. Pa ma part awiri ndikuwerenga bwinobwino. Akafika khumi olumikizana mozungulira, mutu umaima, ndipo ndikakoka chimodzi zimayenda zitatu. Kaya njira yangayi ifika nane kumeneko, kaya ndi ya pa sketch pokha.